Kwa amene mwafunsa zokaphunzira ntchito kunja

Achemwali, mwati mukumaliza digiri ya uinjiniya chaka chino, mukufuna kukaphunzira ntchito kunja kapena kukalembedwa kumene, ndipo pali ajenti wina pa WhatsApp amene akuti mukamulipira akupezerani malo m'masabata atatu. Ndiyamba ndi za ajentiyo, chifukwa ndi zimene zingakupwetekeni msanga.

Musamupatse ndalama. Pangano nambala 181 la ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, la chaka cha 1997, limati opezera anthu ntchito asamalipiritse wofuna ntchito, wolipira ndi wolemba ntchitoyo. Si mayiko onse amene analivomereza, komabe ndi muyezo wabwino woyezera munthu. Mufunseni dzina la kampani imene ikukufunani, kenako muifufuze nokha ndi kuilembera pa adiresi ya pa webusaiti yake, osati imene iye wakupatsani. Ngati ndi ya ku UK, boma la kumeneko lili ndi mndandanda pa intaneti wa makampani ololedwa kulemba anthu akunja, ndipo aliyense angauone mwaulere. Kalata ya ntchito muiwerenge modekha. Yachokera pa imelo ya Gmail? Malipiro ndi onona pomwe simunachite intavyu ngakhale imodzi? Akuti mulowe ndi viza ya alendo, mapepala mukakonza mukafika? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Achinyamata ambiri ophunzira bwino anaitanidwa ku Thailand kuti akagwire ntchito ya pa kompyuta, n'kukapezeka atawolotsedwa kupita ku Myanmar, atatsekeredwa m'mipanda, akukakamizidwa kubera anthu pa intaneti. M'mayiko ena a ku Gulf chilolezo chanu chimakhala m'manja mwa bwana, ndipo akakulandani pasipoti, kuchoka kumavuta zedi.

Tsopano ku funso lenileni. Chimene ambiri sitiuzidwa n'chakuti chovuta si kupeza ntchito ayi, koma chilolezo chogwirira ntchitoyo. Kampani ya ku London kapena Toronto ikakulembani inu, iyenera kulipira boma, kudzaza mafomu ndi kudikira, pomwe pali womaliza sukulu wina mumzinda momwemo amene angayambe Lolemba. Ku UK kuyambira July 2025 malipiro ochepetsetsa a viza ya anthu aluso ndi mapaundi 41,700 pachaka, ngakhale ongomaliza kumene amawatsitsirako. N'chifukwa chake munthu amatumiza ma CV usiku ndi usana pa LinkedIn koma kuli zii, mpaka kuyamba kudzikayikira. Musadzikayikire. Mungofunika kulowera pa makomo amene anatsegulidwira anthu ngati inu.

Loyamba lili lotseguka pano pamene mudakali m'kaundula wa sukulu, ndipo silichedwa kutsekeka. Ma intenishipu, kutanthauza malo ophunzirira ntchito, ambiri amafuna wophunzira kapena amene sipanathe chaka chimalizireni. Bungwe la IAESTE, limene linayamba mu 1948, limatumiza ophunzira za sayansi ndi uinjiniya ku makampani ndi mayunivesite akunja, ndipo amalandira kangachepe kolipirira nyumba ndi chakudya. Funsani ku ofesi yoona za maubale akunja pa yunivesite yanu ngati pali njira yolowera. A United Nations nawonso amatenga ophunzira ntchito, koma kulikulu kwawo salipira, ndipo kukhala ku New York kapena Geneva miyezi ingapo ndi thumba lanu si nkhani yamasewera. Nthambi zina monga UNICEF zimaperekako ndalama yothandizira, choncho muziwerenga chilengezo chilichonse mpaka kumapeto.

Khomo limene ine ndimalikhulupirira kwambiri ndi la masitazi. Mukaphunzira m'dziko, dzikolo limakupatsani nthawi yosaka ntchito muli komweko, ndipo pamenepo wolemba ntchito sakuonaninso ngati chimtolo. Germany imapereka miyezi 18 mukamaliza, ndipo mudakali pa sukulu mumaloledwa kugwira ntchito masiku athunthu 140 pachaka. Ophunzira uinjiniya ambiri kumeneko amayamba maganyu a ophunzira pa kampani, n'kulembera pomwepo kafukufuku wawo womaliza, kenako n'kulembedwa. Mayunivesite ambiri aboma salipiritsa fizi, koma viza imafuna muonetse ndalama zodyera za chaka chathunthu mu akaunti yotsekedwa, zoposa mayuro 11,000. Canada imapereka chilolezo chofika zaka 3. UK yakhala ikupereka zaka 2 kuyambira 2021, koma yalengeza kuti itsitsa kufika pa miyezi 18. Malamulowa amasintha kawirikawiri, ndiye muziwawerenga pa webusaiti ya boma lenilenilo, osati pa TikTok.

Ndalama zake zichokera kuti? Erasmus Mundus, pulogalamu ya masitazi ya European Union, imalandira anthu a dziko lililonse, imalipira fizi ndi kupereka mayuro 1,400 pamwezi, ndipo mumaphunzira m'mayiko osachepera awiri. Japan ili ndi ABE Initiative, imene inalengezedwa mu 2013 kuti ithandize achinyamata a mu Africa: masitazi pamodzi ndi kuphunzira ntchito m'makampani a ku Japan. Chevening ya ku UK ndi yabwino, koma mudziwiretu kuti imafuna maola 2,800 a ntchito ndipo mukamaliza muyenera kubwerera kwanu kwa zaka 2. Maphunziro okhudza chitukuko olipiridwa ndi DAAD, bungwe la ku Germany, nawonso amafuna zaka 2 za ntchito.

Mwaona pamene nkhani yafika? Angapo mwa amenewa akufunsa zimene mwachita kale ndi manja anu. Apa m'pamene ndimadandaula ndi achinyamata athu. Munthu amakana ntchito ya malipiro ochepa pa kakampani komanga, n'kukhala pakhomo zaka ziwiri akudikira yakunja, pomwe zaka ziwiri zomwezo ndi zimene akunjawo akufuna. Ilandireni ntchito yaing'onoyo, ngakhale yongodzipereka, koma muzilemba zimene mukuchita. Khalani ndi kabuku: tsiku, malo, ntchito, makina kapena pulogalamu imene mwagwiritsa ntchito, ndi dzina la amene amakuyang'anirani. Ikadzafika nthawi yolemba CV simudzangoti "ndinkathandiza pa ntchito ya madzi". Mudzati munayeza malo, munajambula mzere wa mapaipi pa AutoCAD, munawerengetsera kukula kwa thanki, ndipo pampu itayamba kufooka munapeza kuti vuto linali mpweya wolowa m'paipi yokokera madzi. Wowerenga amene ndi injiniya akaona zotere amadziwa kuti munthuyu anaimadi pamalopo. Jambulaninso zithunzi ngati abwana alola. Pochoka pemphani kalata ya umboni tsiku lomwelo, chifukwa pakatha chaka abwanawo angakhale atasamuka kapena atakuiwalani.

Chimodzimodzi aphunzitsi anu. Pitani kwa amene akuyang'anira polojekiti yanu yomaliza musanachoke pa sukulu, muwauze zolinga zanu, muwapemphe kuti adzakulembereni kalata. Ambiri a iwo anaphunzira kunja ndipo akadali ndi anzawo kumeneko. Imelo imodzi yochokera kwa iwo kupita kwa pulofesa mnzawo imaposa mafomu mulu.

Musaiwalenso kuti kunja si ku Ulaya kokha. Ku Nairobi kuli malikulu a nthambi ziwiri za United Nations, UNEP ndi UN-Habitat. African Union ili ndi gulu la achinyamata odzipereka, limene linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo limawatumiza kukagwira ntchito m'dziko lina la mu Africa kwa miyezi 12. Ku South Africa amafuna kuti digiri yanu iyambe yaunikidwa ndi a SAQA, bungwe la kumeneko lounika masatifiketi a maphunziro, ndipo zimenezi zimatenga nthawi.

Za mapepala ndingonena mwachidule. Pasipoti ikhalepo kale. Tengani thiransikiripiti ikangotuluka. Mayeso a Chingerezi a IELTS amagwira ntchito zaka 2 zokha, ndiye musathamangire kulemba musanadziwe kumene mukufunsira. Ngati mtima uli ku Germany, yambani Chijeremani lero, chifukwa ngakhale maphunziro atakhala a m'Chingerezi, pa fakitale ndi pa malo omanga amalankhula chawo.

Mafomu a Erasmus Mundus ambiri amatsegulidwa cha mu October n'kutsekedwa cha mu January, ndipo ena amalola amene ali m'chaka chomaliza kufunsira malo satifiketi isanatuluke. Tiuzeni nthambi ya uinjiniya imene mukuchita, kaya ndi zamagetsi, zomangamanga kapena zamakina, kuti amene adziwa njira za nthambiyo m'gulu muno akulozereni mapulogalamu oyenera.