Gemu ya mwana wanu: dima kapena thangata?

Mayi wina amene mwana wake ali Folomu 3 wandilembera motere: "Mnyamata wanga amagona mochedwa, kusewera gemu yotchedwa Foldit pa kompyuta ya bambo ake. Ndikamukalipira amati akuthandiza asayansi kupeza mankhwala. Kodi n'zoona? Kompyuta yochita masamu mofulumira chonchija ingafune thandizo la mwana? Nanga ngati ndi ntchito, bwanji sakumulipira?"

Mayi, mnyamatayo sakukunamizani, ngakhale kuti pa mawu oti "kupeza mankhwala" wathirako kamchere. Ndiyambe ndi funso la kompyutalo, poti nkhani yagona pamenepo.

Tikamva za mapuloteni timaganiza za nyemba, usipa ndi mazira. Koma m'thupi puloteni iliyonse ndi kachida kokhala ndi ntchito yake: ina imanyamula mpweya m'magazi, ina imagaya chakudya, ndipo tizilombo toyambitsa matenda nato tili ndi mapuloteni awo. Puloteni ili ngati chingwe cha mikanda ya mitundu 20, yotchedwa ma amino acid. Chingwecho sichikhala chotambasuka. Chimadzipinda n'kukhala kampukutu, ndipo ntchito yake imadalira mapindidwewo. Wofuna kupanga mankhwala otsekereza puloteni ya kachilombo ayenera kudziwa maonekedwe ake, monga wosula kiyi ayenera kudziwa m'kati mwa loko.

Tsono njira zopindira chingwe chimodzi n'zosawerengeka. Mu 1969 wasayansi wina, Cyrus Levinthal, anasonyeza kuti kuziyesa imodziimodzi kungatenge nthawi yoposa zaka zonse zimene chilengedwe chakhalapo. Choncho kompyuta siyesa zonse, imafufuza mopapasa. Ili ngati munthu wotsika phiri usiku wopanda nyali, amene akungotsata kumene phazi likumva kutsetsereka. Akalowa m'kadzenje ka pakati pa phiri, mbali zonse n'zokwera, ndiye amayesa wafika kudambo. Munthu woona ndi maso sachita choncho. Msodzi womasula ukonde wopiringizika amadziwa kuti ayenera kuyamba waukhwefula, uoneke ngati wasokonekera kwambiri, kenako mfundo zimasuke. Kulolera kuti zinthu ziipe kaye pofuna zabwino zimene ukuziona patsogolo, monga wa bawo amalolera kudyedwa pang'ono kuti adzadye zambiri, ndi luso limene mwana wanu ali nalo.

Gemuyi inachokera ku University of Washington, mu mzinda wa Seattle ku America. Kumeneko David Baker anali ndi pulogalamu ya Rosetta@home, imene anthu ankabwereketsa makompyuta awo kuti azipinda mapuloteni eni ake akakhala kuti sakuwagwiritsa ntchito. Ena poonerera pa sikirini ankaona kumene kompyuta ikulakwitsa, koma analibe njira yoikonzera, ndipo anadandaula. Baker anagwirizana ndi Zoran Popović ndi anzake odziwa za makompyuta, ndipo mu 2008 Foldit inatuluka.

Chimene chimandigwira mtima pa gemuyi ndi gwero la mapointi. Sanangopekedwa kuti akope ana ayi. Amachokera m'masamu omwewo amene Rosetta imayezera ngati puloteni yakhazikika. Mukasuzumira pa sikirini ya mnyamatayo muona tizidutswa ta mtundu wa lalanje, timene timadana ndi madzi ndipo tiyenera kubisika m'kati, ndi ta buluu timene timakonda kukhala kunja. Mukaona timipira tofiira ta minga, ndiye kuti zidutswa zagundana. Akakonza zimenezi mapointi amakwera, ndipo akwera chifukwa puloteniyo yayandikiradi mmene ingakhalire. Sangathamangitse mapointi popanda kugwira ntchito yeniyeniyo. Mapulogalamu ambiri a pafoni amakupatsa nyenyezi chifukwa choti watsegula lero ndi dzulo. Imeneyo ndi nyambo chabe, ndipo ine sindiilemekeza.

Zipatso zake zilipo. Pali kachilombo kotchedwa Mason-Pfizer kamene kamadwalitsa anyani matenda ofanana ndi Edzi. Asayansi anakhala zaka zoposa 10 akulephera kudziwa maonekedwe a puloteni yake ina yofunika kuti kachilomboko kakhwime. Atapereka kwa osewera, pasanathe masabata atatu anapeza mapindidwe oyandikira kwambiri moti asayansi anamalizitsa ntchitoyo, ndipo zinasindikizidwa mu 2011. Mu 2012 kunatuluka lipoti lakuti osewera anathandiza kukonza enzyme ina (puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu, monga ija yogaya chakudya), n'kuyamba kugwira ntchito mwamphamvu kuwirikiza ka 18. Mu 2017 anapatsidwa funso lotikhudza ife mwachindunji: kukonza enzyme yoti iziphwanya aflatoxin, poizoni uja wa chuku amene amalowa mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino, amene amawononga chiwindi ndiponso kutsekereza mtedza wathu kumisika ya kunja.

Ndisakubisireni kuti zinthu zasintha. Mu 2020 pulogalamu ya AlphaFold, ya kampani ya DeepMind, inasonyeza kuti kompyuta tsopano ikutha kulosera maonekedwe a mapuloteni ambiri molondola kwambiri. Mu 2024 Demis Hassabis ndi John Jumper a ku DeepMind analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Baker yemweyo. Ntchito ya osewera tsopano yatsamira kwambiri pa kupanga mapuloteni atsopano, amene sanakhaleko n'kale lonse. Pa kafukufuku wa mu 2019, mwa mapuloteni 146 opangidwa ndi osewera amene anayesedwa mu labotale, 56 anapindika n'kukhazikika bwinobwino.

Tibwere ku funso la malipiro, limene ndikuona kuti ndi limene lakusowetsani mtendere. Makolo athu ankasiyanitsa dima ndi thangata. Ku dima umapita wekha, ukudziwa munda wa yani, mumalima mukuimba, thobwa lili pambali. Thangata la m'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Chiradzulu linali lokakamiza, ndipo phindu linkapita kwa mwini esiteti. Pa intaneti zonse ziwiri zimapezeka. Mukukumbukira mawu opindikapindika aja amene tinkalemba posonyeza kuti sitili makina? Njira ya reCAPTCHA, imene Luis von Ahn ndi anzake anayambitsa mu 2007 ndipo Google inagula mu 2009, inkatiwerengetsa mawu a m'mabuku akale ndi m'nyuzipepala ya New York Times amene kompyuta inalephera kuwerenga. Nzeru yake ndi yogometsa, koma ambiri sitinkadziwa kuti tikugwirira wina ntchito, ndipo kukana kunalibe ngati ukufuna kulowa. Foldit ine ndimaiika ku dima. Wosewera amauzidwa cholinga, amalowa ndi kutuluka mwa kufuna kwake, salipira kanthu kuti asewere, ndipo magulu a osewera analembedwa pamndandanda wa olemba lipoti la mu 2011 lija. Komabe muli ndi mfundo: amene amalandira malipiro ndi mphotho ndi asayansi, osati mwana wanu. Adziwe zimenezo asanapereke usiku wake wonse.

Za kugona mochedwazo ndili kumbali yanu kotheratu. Mafunso a mu Foldit amakhala otsegula kwa masiku angapo, palibe chomukakamiza kumaliza usiku umodzi, ndipo chaka chamawa MSCE ikumudikira. Mpatseni maola ake, makamaka Loweruka. Tsiku lina mukakhale pambali pake, muloze kachidutswa kamodzi ka lalanje, mumufunse chifukwa chake akukakankhira m'kati. Akakufotokozerani za madzi, akauzenso aphunzitsi ake a Biology kuti mwina anzake a m'kalasi aone nawo.