Yambani ndi filimu ya kwathu ku Wimbe, koma musamale

Amayi, mwafunsa za mafilimu, masilizi ndi madokyumentale oti muzionera limodzi ndi ana anu a ku sekondale pa holide ino, amene akatha munthu amatsala akusinkhasinkha. Za masilizi ndisiyira ena.

Popeza muli konkuno ku Kasungu, yambani ndi The Boy Who Harnessed the Wind, imene inatuluka mu 2019 ndipo inajambulidwa m'boma lathu lomwe lino. Ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina opangira magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito dayinamo ya njinga ndi zitsulo zotola. Ambiri amaionera ngati nkhani ya mwana wanzeru basi, koma kwa ine chimene chimaganizitsa ndi mmene njalayo ikufikira pang'onopang'ono: anthu akugulitsa mitengo yawo kwa a fodya, mvula ikukokolola mbewu, kenako chilala, ndipo mfumu imene yayankhula zoona pa msonkhano wa andale ikumenyedwa. Ana anu aseka Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, amene anatsogolera filimuyi n'kusewera ngati bambo ake a William, koma kusekako sikuchedwa kutha.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili. Ine ndinalakwitsa poionetsa madzulo ena pakhomo azakhali anga ali pomwepo, osawauza kaye kuti nkhani yake ndi yotani. Itafika pamene anthu akukankhana pa msika wa chimanga, azakhaliwo anadzuka mwakachetechete n'kukakhala kukhitchini, ndipo nsima sanadye usiku umenewo. Ndinali nditaiwala kuti chaka chimenecho anaika mwana m'manda, atakhala milungu yambiri akudya gaga ndi zitsa za nthochi. Ngati pakhomo panu pali akuluakulu amene anaiona njala ija ndi maso, afunseni kaye, ndipo akakana musawakakamize. Akavomera, asiyeni afotokoze okha filimuyo ikatha, chifukwa iwo amakumbukira zambiri zimene kamera sinajambule.

Muwauzenso anawo kuti filimuyi inakometsera zina. M'moyo weniweni makina oyamba a William anangoyatsa mababu ndi mawailesi m'nyumba mwawo, ndipo zopopa madzi zinadzabwera pambuyo pake. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti muitsatize ndi dokyumentale ya William and the Windmill ya 2013, imene ikusonyeza William weniweniyo atatchuka, akuphunzira ku Johannesburg, ali ndi mtolo wa ziyembekezo za abale ndi za azungu amene ankamuthandiza. Imeneyi ndi yovutirapo kuipeza, koma ndiyo imabutsa mtsutso wabwino m'nyumba.

Chenjezo lachiwiri ndi la mafilimu omasuliridwa m'Chichewa amene amapezeka m'malo okopera mafilimu pa boma. Kwa mafilimu a karate zilibe kanthu, koma ine ndinatengapo Hotel Rwanda yotere, nkhani ya kuphedwa kwa anthu ku Rwanda mu 1994, ndipo womasulirayo ankaponyamo nthabwala pamene anthu akuthawa zikwanje. Ndinazimitsa isanafike pakati. Muziwauza akuseguleni kaye muone mawu ake musanalipire. Nthawi imene ndinapitako komaliza ankalipiritsa cha m'ma K500 pa filimu imodzi, koma masiku ano mitengo sikhalitsa. Ya Kamkwamba ili pa Netflix, kungoti bandulo imatha msanga mukapanda kutsitsa kwalite ya chithunzi, ndipo ndi bwino kuikopera pa foni masana magetsi akadalipo.

Mukamaliza zimenezi mufunefune Seasons of a Life ya Shemu Joyah ya 2008, yonena za mtsikana wantchito ya m'nyumba amene anapatsidwa mimba ndi bwana wake, kenako n'kudzamenyera mwana wakeyo kukhoti. Imeneyi muyambe mwaionera nokha musanawaitane anawo, makamaka ngati wamng'onoyo sanafike Fomu 3.