Bambo wapansanja uja sanali kapitawo

Mayi wina amene wangosamukira ku Tampa, m'boma la Florida ku America, wandilembera kalata. Akuti popita kuntchito amadutsa pa chinyumba cha njerwa zofiira ku Ybor City, ndipo anamva kuti kale inali fakitale ya ndudu zikuluzikulu za cigar. Pa zithunzi zakale akuonapo bambo atakhala pansanja pakati pa antchito, ndiye akufunsa ngati anali kapitawo.

Ayi mayi, sanali kapitawo. Amam'lemba ntchito anali antchitowo.

Chinyumbacho anamangitsa ndi Vicente Martinez Ybor mu 1886. Iyeyu anabadwira ku Spain, malonda a fodya anayambira ku Havana, likulu la Cuba, ndipo mu 1869 anathawira ku Key West, m'boma la Florida lomwelo, chifukwa ankathandiza anthu a ku Cuba omenyera ufulu. Ku Tampa anapezako doko ndi njanji, fodya n'kumabwera pa sitima kuchokera ku Cuba. Anthu a ku Cuba, ku Spain ndi ku Sicily anakhamukirako, ndipo dera lonselo linatenga dzina lake.

Tsopano za bambo uja. Kupichira cigar ndi ntchito ya manja, mutu umangokhala. Ndiye antchito ankasonkha ndalama mlungu uliwonse n'kulemba munthu wa mawu amphamvu, amene ankamutcha lector, kuti aziwawerengera mokweza m'Chisipanishi. Kum'mawa nyuzipepala, masana mabuku a nthano, ndipo buku lake ankasankha okha mwa voti. Akawafika pamtima sankaomba m'manja, poti manja ali ndi tsamba. Ankagogoda tebulo ndi chaveta, kampeni kawo kodulira fodya. Tangoganizani, holo yonse gogogo! Ine chimene chimandigwira mtima n'chakuti ambiri mwa iwo sukulu sanapite nayo patali, koma pankhani za dziko sukanawanamiza.

Mukadzadutsanso, muone masitepe achitsulo apakhomo. José Martí, mtsogoleri wa omenyera ufulu wa Cuba, anaima pamenepo mu 1893 kupempha thandizo la nkhondo yomasula Cuba, ndipo antchito ambiri ankapereka malipiro a tsiku lathunthu.

Eni mafakitale sankakondwa nazo. Ankati owerengawo ndi amene akuutsa sitalaka. Mu 1931 anagwetsa nsanjazo, antchito ananyanyala ntchito, koma anagonja. Apatu n'kuti zinthu zitayamba kale kulowa pansi: mu 1929 Tampa inapanga ndudu pafupifupi 500 miliyoni, kenaka chuma cha dziko chinagwa, anthu anathamangira ndudu zing'onozing'ono zotchipa, makina nawo analanda ntchito ya manja. America italetsa katundu wa ku Cuba mu 1962, tsamba lenilenilo linasowa.

Ngati mukufuna kumva fungo lake, pitani ku El Reloj, fakitale ya ndudu yokhala ndi wotchi pamwamba, imene inamangidwa mu 1910. Kampani ya J.C. Newman ikupangirabe ndudu momwemo, ndipo alendo amaloledwa kuona anthu akupichira pamanja. Musadabwe ndi nkhuku zongoyendayenda m'misewu. Lamulo la mzindawo limaziteteza.