Musanagulitse Axio ija, werengani kaye masiku a matope

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi Axio ya 1.5 yomwe mwayenda nayo zaka zinayi, mumakhala ku Area 25, ntchito mumagwira ku City Centre, kwanu ndi ku Ntchisi, ndipo mukufuna kuigulitsa kuti muwonjezere ndalama mugule X-Trail kapena RAV4, mwinanso mudzikakamize mpaka pa Prado yakale. Ambiri akuyankhani kale kuti gulani basi, misewu yathuyi ndi ya galimoto zazitali. Sakunama kwenikweni. Koma ine njira imeneyi ndinaidutsa, ndipo pali zina zomwe ndikanakonda wina akanandiuza ndisanatulutse ndalama.

Tiyambe ndi dzina loti SUV, lomwe amatchulira galimoto zazitalizi, chifukwa likubisa mitundu iwiri ya galimoto yosiyana kwambiri. RAV4, X-Trail, CR-V, Harrier ndi Forester anazipanga ngati galimoto yaing'ono, kungoti anazikweza msinkhu. Thupi ndi chasisi ndi chinthu chimodzi, monga zilili pa Axio yanuyo. Prado ndi Fortuner zili ndi chasisi chachitsulo pansi, thupi amachita kulikhazika pamwamba pake. Fortuner imachokera pa Hilux. Za gulu lachiwirili, zikakhala za 4x4, zimakhala ndi giya ya low range yokwerera mapiri ndi kutulukira m'matope, pamene za gulu loyamba zija zilibe. Ndiye wina akamati SUV imadutsa paliponse, mufunseni kuti akunena iti.

Kwathu ine ndi ku Neno, kumtunda cha kwa Dambe, ndipo amene anayendako nthawi ya dzinja akudziwa chomwe ndikunena. Nditagula yanga, yomwe sinditchula mtundu wake kuopa kuyambana ndi eni ake m'gulu muno, ndinkadziona ngati ndathana nawo msewu uja. Ulendo woyamba wa mu Januwale ndinatitimira pa kamtsetse kena koterera, matayala akutsogolo akungozungulira, akumbuyo ali phee ngati sizikuwakhudza. Anyamata a m'mudzimo ndi amene anandikankha, ndipo mmodzi anasuzumira pansi n'kundiuza kuti bwana, galimoto yanuyi imakoka ndi kutsogolo kokha. Manyazi ake! Sindinanamizidwe ndi munthu, ndinangoona msinkhu n'kuganiza ndekha kuti ndi 4x4.

Nkhaniyi ndaikamba chifukwa SUV zambiri zochokera ku Japan zomwe zili m'misewu mwathu muno zimakoka ndi matayala awiri okha. Musakhulupirire chithunzi kapena pakamwa pa wogulitsa. Onani nambala ya chasisi. Pa X-Trail, yomwe nambala yake ikuyamba ndi NT31 kapena NT32 ndi yokoka ndi matayala onse anayi, pamene T31 kapena T32 yopanda N ndi ya awiri. Pa RAV4, ACA31W ndi ya anayi, ACA36W ndi ya awiri. Pa CR-V, RE4 ndi ya anayi, RE3 ndi ya awiri. Mukafika pa galimotoyo, gwadani musuzumire pansi ngati pali chitsulo chachitali chopita ku matayala akumbuyo.

Tsopano ubwino wake, womwe ndi weniweni. Chachikulu ndi msinkhu. X-Trail imatalikira pansi ndi masentimita pafupifupi 20, Axio pafupifupi 15. Masentimita asanuwo akuoneka ochepa papepala, koma ndi amene amasiyanitsa kudutsa bwinobwino ndi kugunditsa pamwala sampu, beseni la oilo la pansi pa injini. Inu a ku Area 25 mukudziwa momwe misewu ya m'kati imakumbikira mvula ikagwa kawiri katatu, ndiponso momwe mabampu ena amakwirira mimba ya galimoto mukanyamula anthu anayi. Pa SUV zimenezo mumaziiwala. Maenje a pa M1 nawo tayala lalikulu limawameza bwino kuposa laling'ono, ngakhale si chilolezo choti muziwalowa mwaliwiro. Mumakhala pamwamba, ndiye mumaona patali, makamaka miyezi yomwe chimanga ndi udzu zatalika m'mbali mwa msewu. Mayi anga, omwe mawondo amawavuta, amakwera ndi kutsika mosavuta pa galimoto yapakatikati chifukwa mpando uli pa msinkhu wa chiuno. Pa Prado ndiye ayi, pamafunika kuwakweza. Malo a katundu nawo alipo. Mukagonetsa mipando yakumbuyo, matumba angapo a feteleza popita ndi a chimanga pobwera amalowa.

Koma taonani kuti pa zabwino zonsezi, chomwe chikukuthandizani masiku ambiri ndi msinkhu, osati kukoka ndi matayala anayi. Kukoka ndi anayiko mumakufuna masiku owerengeka pa chaka, pamene mafuta ake mumalipira tsiku lililonse.

Pa mafuta tiwerengere limodzi. Axio ya 1.5 yosamalidwa bwino imayenda makilomita 14 kapena 15 pa lita imodzi pa ulendo wautali. SUV ya injini ya 2.0 kapena 2.4 muziyembekezera makilomita 10 kapena 11, ndipo m'tauni, pa mzere wa m'mawa uja wolowera ku City Centre, imatsikanso. Prado ya petulo ya 2.7 ili cha pa 7 kapena 8. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre kudzera pa Zalewa ndi makilomita pafupifupi 310, kupita ndi kubwera 620. Axio imwa malita 40 ndi pang'ono, SUV yapakatikati cha m'ma 60, Prado ikhoza kufika pa 85. Mtengo wa lita sindiulemba pano chifukwa MERA ikhoza kuusintha mawa, chulukitsani nokha ndi wa lero. Kenako muchite chimodzimodzi ndi ulendo wa ku ntchito, masiku 22 pa mwezi. Apo m'pamene ambiri amayamba kuisiya panyumba galimoto yaikulu ija n'kumakwera minibasi sabata yomaliza ya mwezi.

Ndipo tonse tikukumbukira mizere ya mafuta ya mu 2022 ndi zaka zotsatira. Pamene pa filling station akupereka mafuta mongoyeza, mwini kagalimoto kakang'ono ngati Mira akathira malita 20 wamaliza sabata, inu masiku atatu mwabwereranso pamzere. Ena amati thanki yaikulu ndi yabwino chifukwa umadzaza kamodzi. Zoona, ya Prado imalowa malita 87. Koma pamafunika kuti mafutawo apezeke, ndiponso kuti thumba livomere.

Chomwe chinandidzidzimutsa ine kuposa mafuta ndi matayala. Axio imavala a saizi 14 kapena 15, omwe amapezeka pena paliponse. X-Trail ndi RAV4 zimavala 16 kapena 17, Prado imavala 265/65R17. Musanagule galimotoyo, lowani m'sitolo ya matayala mufunse mtengo wa anayi a saizi imeneyo, muuyerekeze ndi wa a Axio. Ndiye pa galimoto yokoka ndi anayi sizimafunika kusakaniza, lina latsopano, lina lakutha, lina la mtundu wina, monga timachitira tikapanikizika. Matayala osiyana kukula amavutitsa zitsulo zogawa mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kukonza zimenezo n'kodula kuposa matayalawo. Onjezeranipo ma shock, mabushi ndi mabuleki, zomwe zonse ndi zazikulu komanso zokwera mtengo chifukwa galimotoyo ndi yolemera. Zonsezi timaitanitsa kunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo inatsatira pomwepo, ndipo amene anamva kuwawa kwambiri ndi eni galimoto zazikulu.

Za giya bokosi ndinenepo pang'ono, poti X-Trail mwaitchula. Zambiri za T31 ndi T32 za petulo, za N zija zomwe, zili ndi giya bokosi ya otomatiki yotchedwa CVT, ndipo RAV4 ya ku Japan ya 2.4 ija nayo ndi CVT. Giya bokosi yamtunduwu imafuna oilo wakewake: NS-2 pa T31, NS-3 pa T32. Makaniko wina akathiramo oilo wa otomatiki wamba, mwaipha. Siikondanso kuvutitsidwa m'matope kapena kukoka ngolo yolemera. Poiyesa, imvetsereni ponyamuka ndi pokwera mtunda. Ikamanjenjemera, kulira ngati mluzu, kapena injini kukwera mawu galimoto osathamanga, isiyeni ngakhale mtengo ukome bwanji. Za dizilo zamakono, monga CX-5 ya 2.2, sizimwa mafuta kwambiri, koma zili ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF yomwe imatsekeka galimoto ikamangoyenda timaulendo tatifupi ta m'tauni. Kwa munthu wa Area 25 ndi City Centre, ine sindingailimbikitse.

Ngati mukuitanitsa nokha kudzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, kumbukirani kuti msonkho wa MRA umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Injini yaikulu pa galimoto yakale ndiye pamene msonkho umaluma zedi, ndipo Prado yakale yomwe mukuiganizirayo ili mbali zonse ziwiri. Funsani chiwerengero chake musanalipire ku Japan, osati galimoto itafika kale pa boda. Inshuwalansi ya comprehensive nayo imawerengedwa potengera mtengo wa galimoto, ndiye idzakwera.

Pali nkhani ya chitetezo yomwe anthu amaikamba mbali imodzi. N'zoona kuti galimoto yolemera ikawombana ndi yopepuka, a m'yolemera kawirikawiri ndi amene amatetezeka. Koma galimoto yaitali imagubuduka msanga kuposa yaifupi mukakhota mwadzidzidzi, chifukwa kulemera kwake kuli m'mwamba. Ganizirani mbuzi kapena wa kabaza atatulukira pa Lizulu tsiku la msika, inu muli pa liwiro. Pomwe Axio ingangokhota n'kubwerera, yaitali imayamba kupendekeka, makamaka ngati mwasanjikanso katundu padenga. Choncho funani yomwe ili ndi chipangizo chothandiza kuti isaterereke, chomwe a Toyota amachitcha VSC, a Nissan VDC. Kukoka ndi matayala anayi kumathandiza ponyamuka, sikuthandiza poima. Potsika Thabwa kupita ku Chikwawa, chimene chikugwira ntchito ndi mabuleki ndi magiya, ndipo galimoto yolemera imawatenthetsa msanga. Chinanso, ngati pakhomo pali ana aang'ono, dziwani kuti boneti yaitali ndi kumbuyo kokwera zimabisa mwana amene waima pafupi. Ine ndinazolowera kuizungulira galimoto ndisanaidzutse, ndipo kamera yakumbuyo ndinachita kuikitsa.

Palinso mtengo wina womwe sulembedwa pa risiti. Tsiku lomwe mudzalowe m'mudzi ndi galimoto yaikulu, mwasanduka ambulansi, mwasanduka galimoto ya maliro, ya chinkhoswe, yonyamula atsibweni ndi mbuzi yawo. Kukana n'kovuta, ndipo wothirako mafuta amasowa. Ine sindidandaula nazo kwambiri, poti kuthandiza abale n'chimodzi mwa zifukwa zomwe ndinaigulira, koma muziike mu bajeti. Ngakhale makaniko ndi anyamata otsuka galimoto amayamba aona kaye kukula kwake asanatchule mtengo.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Tengani pepala, mulembe maulendo omwe munapita ku Ntchisi chaka chathachi, ndipo pa maulendowo muchonge omwe Axio inalephera kufika pakhomo kapena munaisiya pa trading centre n'kukwera njinga yamoto. Osati omwe munkaopa kuti ilephera, koma omwe inalepheradi. Akakhala awiri kapena atatu, Axio isungeni. Ndalama ya mafuta ndi matayala yomwe mungapulumutse pa chaka ikhoza kukubwerekerani pikapu ya 4x4 pa masiku amenewo, chenji n'kutsala. Ngati vuto ndi malo a katundu chabe, Fielder ili ndi injini yomweyo ya 1.5 ndipo makaniko aliyense wa ku Biwi amaidziwa. Ena amakweza galimoto yaing'ono poika ma spacer, tizipangizo toika pa ma shock. Pang'ono pokha zimathandiza, koma mukapyola muyeso mudzakhala mukusintha pafupipafupi ma CV joint, mfundo za zitsulo zozungulitsa matayala.

Koma ngati mumapita mwezi ndi mwezi, muli ndi munda womwe mumauyang'anira nokha nthawi ya dzinja, kapena makolo ndi odwaladwala moti foni ikhoza kulira usiku mu Febuluwale, gulani SUV ndipo musadzimve kulakwa. Pamenepo ndingasankhe RAV4 kapena X-Trail yokoka ndi anayi, yosakalamba kwambiri, ndipo ndingasiye ndalama yapadera ya matayala anayi abwino ndi sevisi yoyamba yosintha ma oilo onse, wa giya bokosi ndi wa difu yemwe. Prado ndi galimoto yolimba, ndipo pogulitsa siigwa mtengo msanga. Koma Prado yomwe munthu amaigula mochita kudzikakamiza imakhala yomwe eni ake atopa nayo, ndipo ikayamba kupempha zipangizo imapempha za mtengo wa Prado, osati wa ndalama yomwe munaigulira.

Tsiku lokaiona mupite ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Muipeze injini ili yozizira kuti mumve momwe imadzukira, muikweze muone pansi ngati pali dzimbiri kapena oilo wodontha, chifukwa zina zimachokera kumadera a chipale ku Japan komwe amathira mchere m'misewu. Muiyendetse pa tala komanso pa msewu wafumbi, wailesi ili yozimitsa. Ndipo tiuzeni kuti kwanu ku Ntchisi ndi mbali iti, komanso kuti kuchoka pomwe tala wathera kukafika pakhomo pali makilomita angati, chifukwa m'gulu muno muli anthu a komweko omwe angakuuzeni ngati msewuwo umafunadi matayala anayi.