Kodi ntchila ingawetedwe kuno ku Harare?

Funso: Malemu bambo anga sankatha kusimba za ntchila ya ku Mangochi. Ndakumba damu kuno ku Mufakose. Kodi ndingaiwete?
Wowerenga, Mufakose

Yankho: Achimwene, ntchila ndi ya m'Nyanja ya Malawi, ndipo ngakhale kumudziko inasowa. Kuno tili ndi mbale wake wa mumtsinje wa Manyame. Nsombazi zili ndi kamwa yoyang'ana pansi, zimapala ndere pamiyala. Kudyetsa nkosavuta: thirani manyowa a nkhuku kuti madzi abiriwire, n'kumawaza gaga. Chovuta ndi mbewu, ndiye kuti tiana ta nsomba toyambira kuweta. Zimaswana zikakwera mitsinje yosefukira nthawi ya dzinja, ndiye m'damu siziikira mazira pokhapokha mutazibaya mankhwala. Ndikanakhala ine, ndikanayamba ndi makumba. Mu Juni ndi Julayi kukazizira muzichepetsa chakudya, chotsala chimangowononga madzi.