Bengaluru, nyemba za gogo, ndi ntchito ya "akuti"

Funso: Ndikukonza nkhani ya mizinda ya ku India yoti iwerengedwe pa wailesi. Ndalemba kuti: "Dzina la Bangalore linachokera ku nyemba zophika zimene mfumu inadya, ndipo mfumuyo inatchula malowo choncho." Mnzanga akuti chiganizochi chili ndi vuto, koma sakundiuza kuti vutolo lili pati.

Yankho: Mnzanuyo sakunama. Kavuto kakang'ono kali pa mneni. Kutchula ndi kunena dzina limene lilipo kale, pamene kutcha ndi kupereka dzina. Mwana akabadwa timamutcha dzina, aphunzitsi poitana mayina m'kalasi amalitchula. Choncho mfumuyo "inawatcha malowo", kapena "inautcha mudziwo". Onaninso kuti m'phatikiri wasintha: malo "wa", mudzi "u".

Vuto lenileni ndi lakuti mwaiveka nthano chovala cha mbiri. Nthanoyo imati mfumu Veera Ballala II ya ufumu wa Hoysala inasochera kuthengo ikusaka nyama. Itatopa, njala itaipweteka, inafika pakanyumba ka gogo wina amene anaipatsa nyemba zowiritsa. Pothokoza, akuti inatcha malowo Benda-kaalu-ooru, kutanthauza "mudzi wa nyemba zowiritsa" m'Chikannada, chiyankhulo cha kumeneko. Mwa njira, nenani "zowiritsa", chifukwa "zophika" womvera aganiza za ndiwo zothira tomato ndi anyezi.

Nkhaniyi imakoma, koma zaka zimaitsutsa. Mfumuyi inalamulira kuyambira 1173 mpaka 1220. Ku Begur, chakummwera kwa mzindawu, pakachisi wa Nageshvara, kunapezeka mwala wolembedwa cha m'ma 890 wonena za nkhondo ya ku Bengaluru (ndilo dzina la Bangalore m'Chikannada). Ndiye kuti dzinali linalipo kale zaka pafupifupi 300 mfumuyo isanalawe nyemba za gogo uja. Mzinda umene ulipo lerowu unayamba mu 1537, pamene Kempe Gowda I, mtsogoleri wa deralo, anamanga linga la dothi. Akatswiri ena amati dzinali linachokera ku mtengo wa benga, womwe ndi m'bale wa mlombwa wathu, koma nawonso ndi maganizo chabe.

Mukalemba "linachokera" basi, mwasainira kuti zinachitikadi. Chichewa chili ndi kaliwu kokuthandizani kuti musasenze mlandu wa eni ake, ndiko "akuti". Mungathenso kunena "nthano imati" kapena "anthu a kumeneko amasimba kuti". Chimene ambiri amaphonya ndi kuyika "akuti" koyambirira kokha, kenako n'kupitiriza ziganizo zisanu ndi "ina-, ina-, ina-". Pa wailesi womvera sabwerera m'mbuyo kukaona pamene nthano inayambira, choncho bwerezani "akuti" pa chiganizo chimene chanyamula mfundo, chija chotcha dzina. Mukafika pa mwala wa ku Begur, musiyeni "akuti", chifukwa mwalawo ulipo ndipo anthu anauwerenga.

Ndikanakhala ine ndikanalemba chonchi: "Nthano imati mfumu ina itasochera inapatsidwa nyemba zowiritsa, ndipo akuti inautcha mudziwo dzina la nyembazo. Koma mwala wa cha m'ma 890 ukusonyeza kuti dzinali ndi lakale kuposa mfumuyo."

Pa dzina lenilenilo, Bangalore ndi katchulidwe ka Angerezi. Kuyambira pa 1 Novembala 2014 boma limalemba Bengaluru, ndipo ndi limene muyenera kugwiritsa ntchito, lakalelo mungolitchula kamodzi kuti omvera asasokonezeke. Lilime lathu limafuna "r" pambuyo pa "i" ndi "e" pokha, motero wowerenga nkhani anena "Bengalulu". Pakamwa zimenezo zilibe kanthu, koma papepala musasinthe kalembedwe. Lembani "ku Bengaluru" motalikitsa, monga "ku Zomba", ndipo musayike kankhodolero pa "ng": "ng" wake ndi wa mu "nguluwe", osati wa mu "ng'ombe".