Musanasiye ntchito ya ku banki kuti mukachite PhD ya za chuma cha makampani

Achemwali, ngati mwatsimikizadi zosiya banki kuti mukakhale wofufuza ndi wophunzitsa za chuma cha makampani pa yunivesite, musaope masamu, chifukwa amenewo mudzawadziwa. Opani anthu amene mudzalemba nawo mapepala a kafukufuku. Mu ntchito imeneyi tsogolo la munthu limadalira magazini atatu, Journal of Finance, Journal of Financial Economics ndi Review of Financial Studies, ndipo m'mayunivesite ambiri a ku America mphunzitsi watsopano amapatsidwa zaka pafupifupi 6 kuti asindikize zokwanira asanamuganizire za tenure, yomwe ndi ntchito yokhazikika ya pa yunivesite, pamene pepala limodzi lokha limatha kudya zaka zingapo likungobwerera kwa owunika a magaziniwo.

N'chifukwa chake data ndi chuma. Kuyambira 1958, pamene Modigliani ndi Miller anaonetsa kuti popanda misonkho ndi zopinga zina mtengo wa kampani susintha kaya ndalama yazipeza pokongola kapena pogulitsa masheya, ofufuza akhala akufunsa chimene chimachititsa kuti m'moyo weniweni zisakhale choncho. Jensen ndi Meckling anabwera mu 1976 ndi nkhani ya kusiyana kwa zofuna za oyendetsa kampani ndi eni ake, ndipo Myers ndi Majluf anatsatira mu 1984 ndi nkhani yoti oyendetsa kampani amadziwa zambiri za kampaniyo kuposa ogula masheya. Ofufuza ambiri amene yunivesite zawo zimalipira WRDS, malo a pa intaneti opezerapo data, ali ndi Compustat ndi CRSP, nkhokwe za data ya makampani ndi mitengo ya masheya, choncho munda umenewo unalimidwa kalekale, ndipo wobwera kumene amaoneka pokhapokha akabwera ndi zimene wasonkhanitsa ndi manja ake.

Ine, pamene ndinkachita PhD, ndinasonkhanitsa zanga. Ndinkatsegula mapangano a ngongole amene makampani amapereka ku SEC, bungwe la boma la America loyang'anira msika wa masheya, amene aliyense angawapeze pa EDGAR, nkhokwe ya pa intaneti ya bungwelo, ndipo ndinkawerenga limodzilimodzi, kulemba malire amene banki yaikira wokongola, kaya ndi a kuchuluka kwa ngongole poyerekeza ndi phindu, kaya ndi oletsa kugawa phindu kwa eni masheya. Pulofesa wina wamkulu wa m'dipatimenti yathu anandipempha fayiloyo, akuti angofuna kuona ngati zonse zili bwino, ndipo ndinampatsa chifukwa anali mmodzi mwa ondiyang'anira. Patapita nthawi ndinapita ku msonkhano wa ofufuza, n'kulowa m'chipinda china chifukwa mutu wa pepala lake unkafanana ndi wanga. Wokamba nkhani, mnzake wa pulofesayo wa ku yunivesite ina, anaonetsa tebulo loyamba, ndipo ndinaona magulu a mapangano amene ndinawagawa ndekha, mayina achidule amene ndinawapeka ndekha, ngakhalenso makampani amene ndinawachotsa pa zifukwa zimene ndinkazidziwa ine ndekha. Manja anga anayamba kunjenjemera moti cholembera chinagwa pansi. Wopereka ndemanga ataimirira, anatha mphindi zake zoyamba akuyamikira khama la amene anasonkhanitsa data yoteroyo, pulofesayo ali pa mpando wakutsogolo akugwedeza mutu ngati munthu wodzichepetsa. Dzina langa ndinalipeza m'mawu ang'onoang'ono a pansi pa tsamba loyamba, pamene amathokoza ophunzira othandizira.

Nditamufunsa pulofesayo panja, anandiyankha akumwetulira kuti kusonkhanitsa data si kulemba pepala, kenako anandifunsa ngati ndikufunabe kalata yake yondichitira umboni pofuna ntchito. Ankadziwa bwino kuti nthawi imeneyo olemba ntchito ankafunsa mafunso oyamba pa msonkhano wa American Finance Association wa mu Januwale, ndi kuti wophunzira wopanda makalata a omuyang'anira saitanidwa n'komwe. Mkulu wa dipatimenti anandimvetsera mwaulemu, n'kunena kuti tikakambirane tokha ngati anthu akuluakulu. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti pa za chuma mayina a olemba nthawi zambiri amasanjidwa motsatira zilembo, choncho kundiika pa pepalalo sikukanamuchotsera ulemu uliwonse. Munthu wa tenure yake kale, wa mapepala ake kale, analanda wophunzira chinthu chokhacho chimene anali nacho, ndipo mpaka pano amaitanidwa kukalangiza achinyamata za makhalidwe abwino pa kafukufuku.

Komabe pitani, ndipo mukafika mufunefune pulofesa wamkulu woti mulembe naye, chifukwa nokha simudzadziwa mmene amayankhira owunika akamanena kuti simunatsimikize ngati ngongole ndi imene yasintha khalidwe la kampani kapena khalidwe ndi limene labweretsa ngongoleyo. Data yanu musaibise kwambiri, popeza wobisa amatsala yekha. Chofunika n'chakuti musanatumize fayilo iliyonse, pakhale imelo yonena mayina a olemba pepalalo, ndipo pepala lanu likangoima muliike pa SSRN, malo a pa intaneti amene ofufuza amaikapo mapepala asanasindikizidwe, kuti tsiku lake lioneke poyera.

Za kuphunzitsa musade nazo nkhawa. Ophunzira a MBA, digiri ya kayendetsedwe ka bizinesi, amamvera msanga munthu amene anaonapo kampani ikukanidwa ngongole, ngakhale kuti m'mayunivesite okonda kafukufuku makomiti a tenure sawerengera kwambiri zimenezo.